Mwana wakana kutchalitchi: ndimumane nsima?

Kalata iyi yagona m'foni mwanga masabata atatu. Ndinkaitsegula, kuwerenga, n'kutsekanso. Mafunso ambiri amene mumanditumizira ndimayankha tsiku lomwelo ndili m'kombi, minibasi ya kuno, koma ili landigunda pachilonda chimene ndinkayesa kuti chinapola kalekale.

Alemba ndi mayi ena a ku Dzivarasekwa, muno mu Harare, ku Zimbabwe. Mnyamata wawo wa zaka 15, amene anakulira mu Sande sukulu ndipo anali atayamba kalasi, wanena mosabisa kuti kutchalitchi sapondakonso. Akuti ulaliki wa m'Chichewa saumva, ndipo anzake amamuseka kuti amapemphera ndi nkhalamba za ku Malawi. Mawu awo omaliza ndi awa: "Bambo ake akuti timulande foni, ndipo Lamulungu asadye nkhomaliro mpaka asinthe. Ine mtima ukukana, komanso ndikuchita manyazi ndi amayi anzanga a Chigwirizano. Ndimukakamize? Ndalakwa pati polera?"

Amayi anzanga, funso lakuti ndalakwa pati ndakhala nalo zaka zoposa khumi. Mundilole ndiyambire kutali, chifukwa ndikangokuyankhani kuti inde kapena ayi ndikhala ndakunamizani.

Bambo anga anachoka kumudzi kwawo kufupi ndi Nkhoma mu 1956, nthawi ya Chitaganya, pamene Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia anali pansi pa boma limodzi. Kumudzi ankangoti apita ku Halale. Maganizo awo anali ogwira ntchito zaka ziwiri, kugula njinga ndi mabulangete, n'kubwerera. Anabwereradi kamodzi kukatenga amayi, ndipo ulendo wachiwiri unakhala wa moyo wonse. Anamwalira ali mtchona, manda awo ali konkuno. Ntchito yawo inali ya utelala, pakhonde la sitolo ku Mufakose, ndi makina a Singer opalasa ndi mapazi. M'nyumba mwathu Chishona chinkathera pakhomo. Ukalowa, Chichewa. Ndipo ine ananditumiza kwa agogo zaka zinayi kuti ndikadziwe kusinja ndi kulemekeza akulu, n'chifukwa chake mpaka lero ndimatha kulemba chonchi.

Ndimayesa kukumbukira ulaliki umodzi wokha umene ndinamva ndili mwana, koma sindiupeza. Chimene chinandikhala ndi ichi. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinawapititsira nsima kukhonde kuja. Anali akukonza jekete la munthu wina, nsalu yam'kati itang'ambika. Posomola ulusi, munagwa ndalama zamapepala zopindidwa kanayi, zimene zinalowa pakabowo ka thumba n'kukakhala m'munsi mwa jekete. Mwini wake mwina anaziiwala chaka chathunthu. Masiku amenewo kunyumba tinali ndi ngongole ya lendi, ndipo ine ndinkadziwa chifukwa amayi anali atalira usiku wake. Ndinawayang'ana bambo, mtima uli phaphapha ndi chimwemwe. Iwo anaziwongola pabondo, kuziwerenga, kuzikulunga m'kansalu, n'kuvindikira makina. Anati, "Nyamula mbalezo, tiye." Tinayenda wapansi mpaka ku Kambuzuma dzuwa lili paliwombo. Atamupatsa mwini wake, pobwerera ndinafunsa chifukwa chake. Anangoti, "Si zathu, mama." Vesi sanatchule. Nsima ija anakadya madzulo itazizira.

Ine Chikhristu ndinachiona tsiku limenelo. Za m'katekisima ndinadzaloweza pambuyo pake, ndipo zinapeza pokhala chifukwa malo anali atakonzedwa kale pamsewu wa ku Kambuzuma uja. Chomvetsa chisoni n'chakuti nditakhala mayi ndinaiwala zimenezi.

Mwana wanga wachiwiri anandiuza mawu ofanana ndi a mwana wanu mu 2008, ali ndi zaka 14. Amene munali muno simufunika kukumbutsidwa chaka chimenecho. M'masitolo mashelefu ali mbee. Kubanki unkafola kuyambira mbandakucha n'kupatsidwa ndalama yosakwana kombi yobwerera. Aphunzitsi ambiri anasiya ntchito, ana n'kumangozungulira m'makwalala. Mu Ogasiti kolera inabuka ku Chitungwiza, kenaka inadzazika mizu ku Budiriro, pafupi penipeni ndi ife, ndipo pomwe inkatha chaka chotsatira inali itatenga anthu oposa 4,000 m'dziko muno. Bambo a ana anali atatsikira ku Johannesburg kukasaka maganyu. Ine ndinkagulitsa kaunjika kumsika wa Mupedzanhamo, ufa n'kumadikira wotumizidwa pabasi kuchokera ku Musina, ku South Africa. Tinkadya kamodzi patsiku.

Linali Lamulungu la Mgonero. Magetsi anali atathima, choncho ndinadzuka usikusiku kukoleza makala a m'simbi. Ndinasita malaya ake oyera, kolala mpaka kuuma gwa, n'kusitanso yunifolomu yanga. Nditavala kale bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku, ndinamupeza akadali gone pamphasa, nkhope atalozetsa kukhoma. Ndinati dzuka tichedwa. Anayankha m'Chishona, "Handisi kuenda, mhamha," kutanthauza kuti sapita. Zinandilasa pawiri, kukanako ndi chilankhulocho. Nditafunsa chifukwa, anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo. Anati, "Mulungu wanuyo watipatsa chiyani? Mwapemphera chaka chonse, koma tikugonabe ndi njala."

Ndinamumenya mbama. Imodzi yokha, koma yamphamvu moti mutu unakagunda kukhoma. Sanalire. Anadzuka, kuvala malaya aja, n'kumanditsatira pambuyo. Ndipo ine, ndi dzanja lomwelo likadatentha, ndinakalandira mkate patebulo la Ambuye.

Mwana uja anali atandifunsa funso limene ineyo ndinkalifunsa usiku uliwonse nditakwirira nkhope mumtsamiro. Ndi funso la m'Masalimo, la Yobu, la Habakuku amene analira za mkuyu wosaphuka ndi khola lopanda zoweta. Baibulo ladzaza ndi anthu ofunsa Mulungu kuti muli kuti. Mwana wanga anabwera nalo kwa mayi ake, ine n'kumuyankha ndi chikhatho. Ndikanangokhala pansi pamphasa paja n'kunena kuti nanenso sindikudziwa mwanawe, koma tiye tikamufunse limodzi, mwina nkhani yonseyi ikanayenda njira ina.

Anapitadi kutchalitchi zaka zinayi zotsatira, osadumphitsa. Ankakhala benchi yakumbuyo, maso pansi, pakamwa pali tsekee nthawi ya nyimbo. Kalasi anamaliza, mayankho onse analoweza bwinobwino. Amayi anzanga ankandiyamikira kuti ndimadziwa kulera ngakhale bambo kulibe, ndipo kuyamikirako kunkandikomera. Atakwana zaka 18 anapeza ntchito ku Workington, kukachita lendi kachipinda ku Kuwadzana, ndipo chichokereni tsiku limenelo sanakhalenso pabenchi ya tchalitchi kupatula pamaliro. Amayi anga akadali moyo anandiuza ali duu pampando wawo, "Fupa lokakamiza limaswa mphika." Ndinawakwiyira sabata yathunthu, chifukwa ndinkadziwa kuti akunena zoona.

Tsono za kumumana nsima ndikuti ayi, ndipo ndikunena mokweza. Ayi! Nsima si malipiro a kupemphera. Yesu anafunsa pa Mateyu 7 kuti ndani mwa inu, mwana wake atapempha mkate, angamupatse mwala. Ananenanso kuti Atate amawalitsira dzuwa oipa ndi abwino omwe, mvula n'kuvumbitsira olungama ndi osalungama. Ngati Mulungu samana mvula munda wa munthu womutukwana, ife ndife yani kuti tivindikire mbale ya mwana m'dzina lake? Mwana amene wamanidwa chakudya chifukwa cha tchalitchi amaphunzira phunziro limodzi lokha, lakuti Mulungu ndi kapitawo wolipira amene wafika pantchito. Phunziro limenelo kulichotsa m'mutu mwa munthu kumafuna zaka makumi. Abambo ake muwauze mwaulemu, muli awiri kuchipinda, kuti Paulo pa Aefeso 6 analembera abambo makamaka kuti asapsetse mtima ana awo. Lemba limeneli timakonda kuwerenga theka loyamba lokha, lonena za ana kumvera, n'kutseka buku.

Palinso vesi lina limene lasanduka mkwapulo wokwapulira amayi m'mipingo mwathu, la Miyambo 22:6, lakuti phunzitsa mwana njira yoyenera ndipo angakhale atakalamba sadzachokamo. Ndalimva likuwerengedwa m'misonkhano ya amayi mwa njira yoti aliyense amene mwana wake wasochera aweramitse mutu. Ine ndikukana kawerengedwe kameneko. Mwambi umanena momwe zinthu zimayendera kawirikawiri, monga momwe ife timanenera kuti m'mera mpoyamba. Si chikalata cha pangano chosainidwa chakuti ukachita izi, zotsatira zake ndi izi mosalephera. Tsegulani Baibulo lomwelo. Samueli, amene anakulira m'nyumba ya Mulungu kuyambira atangoleka kuyamwa, ana ake ankalandira ziphuphu mpaka Aisraele anapempha mfumu. Hezekiya, mfumu yabwino, anabala Manase amene anadzaza Yerusalemu ndi mwazi. Amoni woipa uja anabala Yosiya wokonda Mulungu. Nanga bambo wa m'fanizo la mwana wolowerera pa Luka 15 analakwa pati polera? Yesu sanatchule cholakwa chake ngakhale chimodzi, komabe mwana ananyamula katundu n'kuchoka. Ndipo bamboyo sanakhome chitseko kuti asatuluke.

Fanizo limenelo ndinaliwerenga zaka zambiri maso ali pa wamng'ono. Tsiku lina ndinaona wamkulu, uja amene sanachoke pakhomo, wogwira ntchito tsiku ndi tsiku mtima uli kutali, amene anauza bambo ake kuti ndakhala ndikukugwirirani ntchito ngati kapolo. Ndinazindikira kuti mbama yanga ija sinabweze mwana wolowerera. Inangomusandutsa wamkulu uja kwa zaka zinayi, thupi pabenchi, mtima kunja. M'mipingo mwathu muli achinyamata ambiri otere, ndipo timawawerengera ngati phindu.

Pali mawu m'kalata yanu amene ndikufuna tiwayang'ane tonse awiri popanda kubisana, akuti mukuchita manyazi ndi amayi anzanu. Sindikukuweruzani, poti ine ndi amene ndinatsogola panjira imeneyo. Nditadzifunsa moona mtima patapita zaka, ndinapeza kuti mmawa uja sindinkaopa kuti mwana wanga akapsa kumoto. Ndinkaopa kulowa m'tchalitchi ndekha nditavala zoyera, maso a anthu n'kumafunsa kuti mnyamata uja ali kuti. Mbama ija inali ya maso a anthu. Ife Amalawi a kuno tili ngati mudzi umodzi waung'ono womwazikana m'Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Epworth, timakumana pamaliro ndi pazikwati zomwezomwezo, ndipo nkhani ya pakhomo pako imafika ku Rugare dzuwa lisanalowe. Kugwirizana kumeneku kwatisunga, kwatiikira maliro athu pamene tinalibe kumudzi kopita nawo. Koma kumabweranso ndi mantha a zonena anthu, ndipo amene amalipira manthawo ndi ana. Mwa amayi amene mukuwaopawo, ndikukutsimikizirani kuti ambiri ali ndi mwana wawo amene samutchula. Tsiku limene ndinaimirira pamsonkhano wa Lachinayi n'kunena kuti wanga anasiya kupemphera ndipo ine ndinathandizira, mayi wina wachikulire amene ndinkamuopa kwambiri ananditsatira panja, kundigwira dzanja, misozi ili chuchuchu. Wake anali atachoka zaka 20 zapitazo.

Za chilankhulo

Apa ndipamene ena andikwiyire, koma ndinena. Mnyamata wanuyo akuti samva ulaliki. Mwamufunsa ngati akunena zoona? Chifukwa n'kutheka kuti akunena zoona zenizeni.

Mpingo wa makolo athu muno unayamba chifukwa cha chilankhulo. Anthu a ku Nyasaland amene ankagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ankafuna kumva Mawu m'chinenero chawo, ndipo mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok, mmodzi mwa amene anayambitsa mishoni ya ku Mvera mu 1889, anabwera ku Salisbury, Harare ya lero, kudzawatumikira. Sinodi ya kuno inalowa mu CCAP mu 1965. Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922, pambuyo pa zaka zambiri za ntchito ya William Murray ndi Amalawi amene ankamasulira naye. Anthu amenewo anavutikiranji? Ankafuna kuti agogo athu asamaphunzire kaye Chingerezi kapena Chigiriki kuti amve kuti Mulungu amawakonda. Lero ife, adzukulu a anthu omwewo, tikuuza ana obadwira ku Dzivarasekwa, ophunzira m'Chishona ndi m'Chingerezi, olota m'Chishona, kuti ayambe adziwa Chichewa chozama cha m'ma 1920 kuti amve za Yesu. Tatembenuza chinthu chadodolido. Tsiku la Pentekoste aliyense anamva m'chilankhulo chimene anabadwa nacho, ndipo chilankhulo chimene mwana wanu anabadwa nacho, tivomereze ngakhale zikuwawa, si chimene inu ndi ine tinabadwa nacho.

Musandimve molakwa. Ine Chichewa ndimachikonda moti ndikamva nyimbo ya maliro ikuimbidwa m'chinenero chathu ndimamva fungo la utsi wa kukhitchini kwa agogo. Ndinasangalala mu 2013 pamene malamulo atsopano a dziko lino anaika Chewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo pamndandandawo ndicho choyamba kutchulidwa. Malamulo omwewo ndi amene anatsegulira njira ya unzika ife obadwira muno kwa makolo ochokera maiko oyandikana nawo, titakhala zaka ndi chilembo cha A, chosonyeza mlendo, pachitupa, ambiri titachotsedwa pakaundula wa mavoti chifukwa cha lamulo la unzika la mu 2001. Ndikudziwa kuwawa kwa kutchedwa mubhurandaya, mawu a Chishona onyozera Amalawi, pabwalo la sukulu. Ndinatchedwa, ana anga anatchedwa. Tsono mwana wa zaka 15, amene chimene akufuna padziko lonse lapansi n'kufanana ndi anzake, akamati amandiseka, musamuyankhe kuti limba mtima basi. Akukuuzani za bala lenileni.

Chichewa tiwaphunzitse kukhitchini, potsuka mbale, pokazinga nsinjiro, ponena nthano magetsi atathima, powatengera kumudzi kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete kuti akaone kumene mchombo wa agogo awo unakwiriridwa. Koma tisamangirire chipulumutso chawo kuchilankhulo, chifukwa tsiku limene adzataye chimodzi adzataya zonse ziwiri. Mipingo yathu imene yayamba kuika Chishona ndi Chingerezi m'mapemphero a achinyamata ikuchita bwino, ndipo akulu ampingo amene akulimbana nazo adzifunse kuti zaka 30 zikubwerazi mabenchi amenewo adzakhalapo ndani.

Ndibwerere kwa mwana wanga, poti nkhani yake sinathere ku Kuwadzana.

Mu 2016 bambo ake anadwala, iye n'kubwera kudzagona kunyumba masabata awiri kuti azithandiza. M'mipopi munalibe madzi, monga mwa masiku onse, choncho tinkadzuka 4 koloko mmawa kukafola kumjigo. Tsiku lina la mu Juni, chisanu chija cholowa m'mafupa, tinanyamuka awiri, iye akukankha wilibala ya zigubu zinayi za malita 20, ine ndowa m'manja. Tinapeza anthu ngati khumi atafola kale, aliyense atafunda bulangete, mdima uli bii, kumangomveka kulira kwa chitsulo cha mjigo. Tinaima phee. Mawu amene ndinakhala nawo pakhosi zaka zisanu ndi zitatu anangotuluka okha. Ndinati, "Mwanawe, tsiku lija ndinakumenya chifukwa cha tchalitchi ndinalakwa. Unandifunsa funso labwino. Undikhululukire."

Sanayankhe. Mzere unasuntha, tinasuntha nawo. Itafika nthawi yathu anagwira mpini wa mjigo n'kuyamba kupopa, ine ndikusinthanitsa zigubu. Chigubu choyamba chinadzaza, chachiwiri, chachitatu, iye ali chete. Ndinaganiza kuti ndatokosa chilonda pachabe. Tili m'njira yobwerera, wilibala ikulira kwiikwii, anaima n'kuitula pansi. Analankhula m'Chichewa, chimene anali atasiya kundilankhula nacho kalekale. Anati, "Sindinaiwale, amayi. Koma ndamva."

Kenaka anandiuza chinthu chimene ine ndinali nditachiiwaliratu. Chaka chomwe chija cha kolera, usiku wina mayi woyandikana nafe anagogoda kuti mwana wake akutsegula m'mimba. Akuti ndinadzuka, kukoleza moto ndi timapepala ndi tinkhuni, kuwiritsa madzi, n'kutenga kashuga kotsiriza kamene ndinkasungira phala la wamng'ono, kusakaniza ndi mchere m'botolo, n'kukhala usiku wonse kumumwetsa mwana uja pang'onopang'ono mpaka kutacha pamene tinamunyamula kupita naye kuchipatala. Iye anali maso pamphasa, akundimva ndikunong'ona pemphero uku ndikutakasa. Anati, "Usiku umenewo ndinaganiza kuti mwina Mulungu alikodi." Ma Lamulungu onse a zaka zinayi aja, malaya onse amene ndinasita aja, sanatchule ngakhale limodzi. Chimene chinamukhala ndi usiku umene sindinkadziwa n'komwe kuti pali amene akundiona, monga momwe bambo anga sankadziwa kuti jekete lija likulalikira kamtsikana konyamula mbale.

Pa Deuteronomo 6 Mose anati mawu awa muziwalankhula kwa ana anu mukakhala pansi m'nyumba, mukamayenda panjira, pogona ndi podzuka. Malo onse anayi amene anatchula ndi a pakhomo ndi pamsewu. Kwa ife ndiye kuti pamzere wa kumjigo, m'kombi pamene kondakitala wakubwezera chenji chopitirira, patebulo la kumsika pamene kasitomala sakudziwa kuti diresi lili ndi kabowo kukhwapa, pafoni pamene ukunena za mlamu wako mwana ali pomwepo akumva. Ana athu amatiwerenga kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, ndipo Lamulungu amangobwera kudzaona ngati zimene abusa akunena zikufanana ndi zimene awerenga kale. Mwa zonse zimene mwana angaone mwa kholo lake, ndikukhulupirira tsopano kuti champhamvu kwambiri ndi kumva kholo likunena kuti ndinalakwa. Chikhalidwe chathu sichitiphunzitsa zimenezi, timati wamkulu salakwa. Koma timayembekeza bwanji kuti mwana akhulupirire uthenga wa kulapa ndi kukhululukidwa, pamene m'nyumba mwake sanaonepo munthu wamkulu akulapa?

Ndili ndi kamunda kakang'ono kudambo, ngati ambiri a ife muno. Mdzukulu wanga wina chaka chatha anabzala nane chimanga, ndipo patapita masiku atatu ndinamupeza akufukula phando ndi kamtengo kuti aone ngati mbewu yayamba kumera. Inali itatulutsa kamuzu koyera, iye n'kukathyola. Ndinakumbukira Marko 4, fanizo la munthu wofesa mbewu amene amagona ndi kudzuka, usiku ndi usana, mbewu n'kumamera iye osadziwa umo zichitikira. Ife makolo timafukula kwambiri. Monica, mayi wa ku North Africa, anapempherera mwana wake Augustine zaka zambirimbiri akuyenda njira zake, ndipo mwanayo anadzabatizidwa ku Milan mu 387 ali ndi zaka zopitirira 30. Mayiyo anamwalira chaka chomwecho. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ena a ife mwina sitidzawaona tili moyo.

Tsono zoti muchite, amayi anzanga, n'zochepa. Nsima adye, foni musaiphatikize m'nkhaniyi. Musankhe tsiku lina losakhala Lamulungu, mumutume kuti akuperekezeni ku Mbare Musika kapena kwina kulikonse, mumufunse n'kutseka pakamwa panu mpaka amalize. Mutsegule maso ngati pali china chobisika, chifukwa masiku ano mankhwala ozunguza bongo otchedwa mutoriro ndi mankhwala a chifuwa omwe anyamata amamwa ngati mowa atha ana m'makomboni athu. Ngati sakugona usiku, akuonda, zinthu zikusowa m'nyumba, imeneyo ndi nkhani ina ndipo ifunika kuchipatala pamodzi ndi pemphero. Ngati si zimenezo, muike lamulo limodzi la pakhomo, lakuti madzulo banja lonse likhale pamodzi mphindi zisanu, ndipo iye akafuna kupemphera apemphere m'chilankhulo chimene akufuna, akafuna kukhala chete akhale. Akanena kuti akufuna kukayesa mapemphero a achinyamata a Chishona kwina, mupite naye kamodzi mukamve nokha. Kumene Baibulo likutsegulidwa, mulekeni apite. Kumene akugulitsa mafuta ndi madzi odalitsidwa, mumuuze chifukwa chimene mukukanira. Lamulungu lililonse muzimuitana kamodzi, mwachikondi, akakana inu nyamukani.

Wanga uja tsopano ali ku Cape Town, anakwatira, ali ndi mwana wamkazi. Kutchalitchi sapitabe, sindikubisirani. Miyezi ingapo yapitayo foni inalira 2 koloko usiku. Anali iye pa WhatsApp, ali m'khonde la chipatala, khanda litatentha thupi mpaka kukomoka. Mawu akunjenjemera anati, "Amayi, pempherani. Lija munkanena tikamagona." Ndinatsika pabedi, kugwada pasimenti yozizira, n'kuyamba, Atate wathu wa Kumwamba. Pofika pa chakudya chathu chalero ndinamva mawu ake akunditsatira pansipansi, liwu ndi liwu, m'Chichewa, osaphonya ngakhale limodzi. Titati ameni anakhala chete kanthawi, kenaka anati adokotala akumuitana, n'kudula.

Kutacha ananditumizira chithunzi cha khanda likuyamwa, kachubu kakadali padzanja. Za tchalitchi sananene kanthu, inenso sindinafunse.